Tiwafotokozere bwanji anthu za magazi a kafukufuku?

Moni nonse pagulu pano. Komiti yathu yoimira anthu akumudzi pa kafukufuku wa HIV kuno ku Mulanje yasowa pogwira. Anthu akusaina fomu yovomera bwinobwino, koma akaona timabotolo tinayi tikudzazidwa magazi, ulendo wachiwiri sabweranso. Mantha a anamapopa a 2017 aja sanathe.

Tinakhala pansi ndi mafumu ndi abusa. Tinaonetsa kuti magaziwo ndi masupuni a tiyi anayi okha. Sizinathandize, chifukwa chikuwavuta si kuchuluka kwake, koma mzere wa pafomu wonena kuti magazi otsala adzasungidwa.

Alipo amene anapitapo ndi akomiti ku labu kukaona okha? Nanga kapepala katsopano kofotokoza zimenezi kayambe kavomerezedwa ndi komiti yovomereza kafukufuku wa zaumoyo, NHSRC kapena COMREC, tisanakagawe? Chonde tithandizeni.