Mnyamata wanga amapikisana pa ski, apite koleji iti? Ndithandizeni nzeru

Membala wobisa dzina

Moni nonse pagulu pano. A admin, zikomo pondilola kubisa dzina, chifukwa mwana wanga akadziwa kuti nkhani yake ndaibweretsa kuno, m'nyumba muno simugoneka.

Ndimakhala ku Vermont, ku America, ndimagwira ntchito ya unamwino. Mnyamata wanga wa zaka 17 anabadwira konkuno, ndipo chiyambire ali wamng'ono moyo wake uli kuphiri, kutsetsereka pa chipale chofewa. Amachita slalom ndi giant slalom, mipikisano yotsetsereka phiri mokhotakhota pakati pa timitengo. Mapointi ake a FIS, bungwe la ski la dziko lonse, ali cha m'ma 55 pa slalom, pa giant slalom cha m'ma 70 (kwa amene simuzitsata, mapointi akamachepa ndiye kuti munthu akuchita bwino). Chaka chamawa amaliza sekondale.

Iye mtima wake wonse uli ku University of Utah, akuti ndi kumene kuli akatswiri. Bambo ake akuti alowe University of Vermont pompano, fizi ya mwana wa m'boma lomweli ndiyochepako ndipo tizimuona. Kochi wake akuti asalowe kaye koleji, akhale chaka chimodzi akungothamanga kuti mapointi atsike. Ine chaka chokhala pakhomocho sichikundilowa. Amene munadutsamo, kapena mumazidziwa, tiyambire pati?

Achimwene a ku Denver

Mayi, ndiyambe ndi zowawa. Utah yomwe akuifunayo yatenga chikho cha NCAA, bungwe la masewera a makoleji ku America, mu 2019, 2021, 2022, 2023 ndi 2025. Cha 2024 chinapita ku Colorado. Denver yathu ino ndiyo ili ndi zikho zambiri kuposa onse, 24. Matimu atatuwa sadikira mwana wa sekondale. Amatenga anyamata ochokera ku Norway, Sweden, Switzerland, Canada, ena oti anakhalapo kale m'matimu a mayiko awo ndipo ndi akuluakulu msinkhu. Leif Kristian Haugen wa ku Norway anathamangirapo Denver, kenako mu 2017 anakatenga mendulo ya bronze pa giant slalom ku mpikisano wa dziko lonse ku St. Moritz. Ndi anthu a mtundu umenewo amene mwana wanu akalimbirane nawo malo.

Chitani izi usiku uno: tsegulani mndandanda wa anyamata a timu iliyonse imene akuifuna, mulembe dzina lililonse pa webusaiti ya FIS, muone mapointi awo. Muike 55 wake pambali pake. Mukhale naye limodzi pochita zimenezi, aone yekha. Akamva kuchokera kwa inu anena kuti amayi sakhulupirira luso lake.

Nachisale

Koma abale, mwana wa Chimalawi pa chipale chofewa? Ine kuzizira kwa ku Dedza mu July kumandikwana. Mulungu amutsogolere, ine pa izi ndilibe mawu.

Mayi a mapasa, New Hampshire

Achemwali, ine wanga anadutsa njira yomweyi, ndiye ndilemba zambiri, mundipirire.

Chinthu chimene makolo ambiri sitichidziwa ndi chakuti kulembedwa mu timu si kuthamanga. Kuno kum'mawa mipikisano ya makoleji, imene amaitcha carnival, imakhala Lachisanu ndi Loweruka kuyambira January mpaka February, ndipo timu siyitulutsa anyamata ake onse. Pofika ku mpikisano waukulu wa NCAA mu March, sukulu imodzi singatumize anyamata a alpine (otsetsereka phiri, ngati wanuyu) opitirira atatu. Atatu basi. Timu yonse yopita kumeneko, amuna ndi akazi, alpine ndi Nordic (oyenda mtunda wautali pa ski), sipitirira anthu 12. Ndiye mwana akhoza kuvala jekete la timu zaka zinayi, kudzuka m'bandakucha kupita ku masewera olimbitsa thupi, koma osaimako pachipata choyambira tsiku la mpikisano weniweni.

Ife tinachezapo ndi kochi wa sukulu ina, sinditchula. Mawu ake anali okoma kwabasi, mpaka ine ndinayamba kuwerengera mtunda wa galimoto. Mwamuna wanga anangofunsa funso limodzi: mwana wathu ndi wachingati pa anyamata anu? Kochi uja anayamba kukamba za ubwino wa laibulale. Tinathokoza n'kunyamuka.

Funsani funso limenelo kulikonse. Mufunsenso kuti anyamata angati akumaliza chaka chino, ndi angati atsopano amene alonjezedwa kale malo.

Za ndalama: Dartmouth ndi Harvard zili mu Ivy League, gulu la mayunivesite otchuka a kum'mawa kuno, sizipereka sikolashipu ya masewera. Middlebury, Williams, Bates ndi Colby zili mu Division III, gawo lachitatu la NCAA, nazonso sizipereka. Koma zimapereka thandizo potengera ndalama zimene banja limapeza, ndipo pamenepa ndi pomwe ife tinadabwa. Mtengo wolembedwa umapitirira madola 80,000 pachaka, munthu n'kuthawa usanafunse, chonsecho umene mungalipire inu ukhoza kutsika kwambiri. Koleji iliyonse ili ndi net price calculator, chowerengera ndalama zimene inu mungalipire, pa webusaiti yake. Lembanimo malipiro anu ndi a bambo, muone. Mukonzekerenso mafomu opemphera thandizo la fizi, a FAFSA ndi CSS Profile. Ubwino wa ski ndi wakuti chikho ndi chimodzi, Division I, II ndi III onse amathamanga phiri limodzi, ndiye mwana wa ku Middlebury amakumana ndi wa ku Vermont tsiku lomwelo. Sakutaya kanthu.

Membala wobisa dzina

Zikomo mayi a mapasa. Ine ndimaganiza kuti akalowa Division I ndiye kuti fizi yonse yatha.

Achimwene a ku Denver

Ayi mayi, imeneyo ndi nkhani ya mpira wa ku America ndi basketball. Kwa zaka zambiri malamulo a NCAA ankalola timu ya amuna ya ski masikolashipu 6.3 okha, ogawana a alpine ndi a Nordic. Malamulo asintha mu 2025, koma kusintha lamulo sikunaike ndalama m'thumba la timu ya ski. Ambiri amalandira kachigawo.

Chinanso, muone ngati timuyo ili pabwino. New Mexico, yomwe inatenga chikho mu 2004, inathetsa timu yake ya ski mu 2019. Ku Alaska Anchorage mu 2020 analengeza zothetsa ya alpine, anthu anachita kusonkha ndalama kuti ipulumuke. Sukulu ikayamba kuchepetsa ndalama, masewera ang'onoang'ono ngati awa ndiwo amayamba kudulidwa.

Malume a ku Leeds

Mwana apite kusukulu. Nkhani yokhala chaka pakhomo mwana akungosewera ine sindigwirizana nayo m'pang'ono pomwe. Tinachoka kumudzi kudzavutika kunja kuno kuti ana aphunzire. Bondo likaduka mawa, mapointiwo adzadya?

Mayi a mapasa, New Hampshire

Malume, za bondo mukunena zoona, pa alpine mitsempha ya bondo imaduka kawirikawiri ndipo nyengo yonse imatha mwana ali pa ndodo. Koma chaka chapadera si ulesi. Anyamata ambiri a alpine amalowa koleji atakhala chaka kapena ziwiri akuthamanga mipikisano ya FIS ndi ya NorAm (ya ku America ndi Canada), chifukwa thupi la mwamuna wa zaka 18 silinakhwime kufanana ndi la wa 21. Masukulu ngati Burke Mountain Academy ndi Green Mountain Valley School, onse a ku Vermont komweko, amadziwa bwino njira imeneyi. Vuto lake ndi mtengo: kochi, maulendo, ma ski angapo, malo ogona. Ndipo palibe amene angakulonjezeni kuti 55 atsika kufika pamene pakufunika.

Ine ndikanati alembere makoleji chaka chino, akamulandira apemphe kuti malo amusungire chaka chimodzi. Ambiri amalola. Potero malume agona tulo, kochi nayenso wapeza chaka chake. Koma mufunse kaye za malamulo a NCAA pa msinkhu ndi zaka zothamanga, kuti chaka chimenecho chisadzamudyere china kutsogolo.

Kamnyamata ka ku Bozeman

Amayi, ine ndine wophunzira, ndiloleni ndiikepo mawu ngati mnzake wa mwana wanu. Mufunse kuti phiri lili kutali bwanji ndi kalasi. Dartmouth ili ndi phiri lakelake, Dartmouth Skiway, Middlebury ili ndi Snowbowl, Colorado amakwera ku Eldora, ife kuno ku Montana State, Bridger Bowl ili pafupi ndi tauni. Ngati akufuna uinjiniya kapena udokotala, ma lab amakhala masana, nthawi yomwe anzake ali kuphiri. Afunse anyamata a mu timu, osati kochi, kuti amakwanitsa bwanji.

Ndipo ngati NCAA yakanika, kuli bungwe lina la ski ya makoleji, USCSA, kumene makoleji ambirimbiri amapikisana ndipo ali ndi mpikisano wawo wa dziko lonse. Wa mapointi 55 kumeneko sakhala pabenchi, ndiye amene anzake amamuopa.

Nachisale

Bwanji osangothamangira Malawi? Paja Zimbabwe inatumiza Luke Steyn ku Sochi mu 2014. Ife sitinapiteko ku Olimpiki ya nyengo yozizira, angakhale woyamba!

Achimwene a ku Denver

Achemwali mwaganiza patali. Zimafuna pasipoti ya dzikolo komanso bungwe la ski lovomerezeka ndi FIS, ndiye ndi ulendo wina pawokha. Aone kaye pokaphunzira.

Membala wobisa dzina

Ndabweranso. Tinachita zija munanena achimwene, tinakhala pa tebulo mpaka usiku. Atawona mapointi a anyamata a Utah anakhala chete, kenako anadzatsegula yekha a Bates, Colby ndi St. Lawrence. Za Utah sanazisiye, akuti mwina akadzatsitsa mapointi. Bambo ake adakali pa Vermont yawo, ngakhale aona okha kuti timu ya kumeneko nayo si yamasewera.

Tsopano akufuna kulembera makochi. Mayi a mapasa, kalata yoyambayo alembe yekha kapena tilembe ife makolo? Nanga vidiyo ya mpikisano aitumize pomwepo kapena adikire kuti amufunse?