Ulendo wa ku Nyika: gulu la "Ana ndi Adzukulu a Gogo Nabanda"

Lachiwiri madzulo

A Yosefe: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya ku Nyika ija tiimalize sabata ino, tchuthi cha 6 July chayandikira koma malo sitinasungitse. Maganizo anga ndi awa: a ku Lilongwe tinyamuke m'mamawa, tikagone ku Mzuzu kwa alamu. M'mawa mwake tonse tikwere limodzi mpaka ku Chelinda, msasa wa alendo m'kati mwa paki ya Nyika, tikagone masiku awiri m'matenti, kenako n'kubwerera. Amene akupita anene lero.

Thoko: Ine ndilipo amalume. Tchuthi kuntchito andipatsa kale.

Chisomo: Inenso ndilipo, pamodzi ndi akazi anga ndi mwana. Tibwera pa Sienta yathu.

A Gondwe: Taswera alamu. Kwathu kuno malo ogona alipo, musavutike. Koma Chisomo mwana wanga, Sienta iyo idzathera pakhomo panga pano ku Mzuzu. Siikwera ku Nyika.

Chisomo: Bambo aang'ono, mvula inatha kalekale. Matope angachokere kuti mu July?

A Gondwe: Vuto si matope. Ukangodutsa Bolero msewu ndi wafumbi, mabampu okhaokha, ndipo m'malo otsetsereka muli ngalande zimene madzi anakumba nthawi ya dzinja. Galimoto yako ndi yotsika mimba. Mwala umodzi ukaboola pansi pa injini, oyilo yense atayika, ndipo kumeneko kulibe galaja. Kuchoka pa Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita opitirira 100, koma ine amene ndinakulira konko ndimayenda maola anayi, nthawi zina kuposa. Pa geti la Thazima lolowera m'paki anthu amaganiza kuti afika, chonsecho kwatsala makilomita 60.

A Yosefe: Zamveka. Magalimoto ndi awiri basi, Land Cruiser yanga ndi Hilux ya alamu. Mipando tiwerenge bwino.

A Esinati: Achimwene, musanawerenge mipando, mayi akuti nawonso apita. Ndawauza za kuzizira koma akuti mbidzi sanazionepo ndi maso chibadwire, ndipo sadikiranso chaka china.

A Grace: Eee, amayi! Ndi miyendo yawo ija?

A Esinati: Akutinso tikamadutsa pa Chikangawa tidzaime pang'ono. Paja malemu bambo anagwirako ntchito yodzala mitengo ya paini ife tisanabadwe, ndiye akufuna aonetse adzukulu malowo.

A Yosefe: Ngati mayi anena, anena. Adzakhala kutsogolo m'galimoto yanga. Pa Chikangawa tidzaima, ndi pa M1 pomwepo, sitipatuka n'komwe.

Thoko: Ine sindikukana kuti agogo apite, koma mu tenti ayi. Chelinda ili pamwamba kwambiri, mamita pafupifupi 2,300. Mu June ndi July usiku kumagwa chisanu, m'mawa udzu umachita kuyera. Munthu wa zaka zawo, wa BP, asagone pansi. Bambo aang'ono, paja kuli tinyumba tokhala ndi malo osonkhapo moto m'kati?

A Gondwe: Tilipo. Apongozi agone m'kanyumba pamodzi ndi alamu a Esinati ndi mpongozi wathu wa mwana wakhandayo. Otsala tonse ku matenti. Mawa ndiimba ndifunse ngati kanyumba kalipo pa masiku amenewo, ndi mitengo yake, komanso ndalama zolowera pa geti. Aliyense asaiwale chiphaso cha unzika, chifukwa mtengo wa Amalawi ndi wosiyana ndi wa alendo akunja.

Mphatso: Moni kuchokera ku Johannesburg. Mtima ukundiwawa kuti sindikhala nawo. Ndagula matenti awiri a anthu anayi ndi ma sleeping bag asanu ndi limodzi, okhuthala, a nyengo yozizira. Nditumiza pa basi ya Lachisanu. Azakhali a Esinati, mudzalandire ndinu.

A Esinati: Ambuye akudalitse mwana wa achimwene anga. Ndidzapita ndekha kukatenga.

Lachitatu m'mawa

Chisomo: Mwadzuka bwanji. Za Sienta ndavomera. Koma bambo aang'ono, pempho langa ndi limodzi. Tikafika pamwamba paja mudzandipatseko Hilux, ndidzatuluke mumsewu ndikwere timapiri ta udzu tija. Ndaona mavidiyo pa YouTube, anthu akudutsa m'tchire popanda msewu, mpaka kuwoloka mitsinje. Ku Nyika kulibe mitengo yotchinga, ndi poyera ponseponse. Ulendo wa 4x4 kukoma kwake n'komweko.

A Gondwe: Chiwongolero ndidzakupatsa, koma pamsewu. Kutuluka mumsewu ayi, ndipo ndikufuna aliyense pagulu pano amve chifukwa chake, tisadzakanganirane kumeneko.

Ija ndi paki, yaikulu kuposa ina iliyonse m'Malawi muno, inakhazikitsidwa mu 1965. Lamulo lake ndi loti galimoto iyende m'misewu yokhayo imene ilipo. Akakupeza uli pakati pa udzu, mlandu ndi wako ndi wa mwini galimoto.

Koma tisiye za lamulo. Udzu umene ukuuona ngati kapeti uja uli pa dothi lochepa. Tayala likaupondereza, mkwasa wake sufafanizika msanga. Mvula ikabwera madzi amatsata mkwasa womwewo, chaka chamawa pali ngalande. Mitsinje yambiri ya kuno kumpoto imachokera pamwamba paja. North Rukuru amene amamwetsa anthu ku Karonga amayambira komweko. Abale anga kumunsi kuno amathirira minda ndi madzi a m'phiri lomwelo. Mu udzumo mulinso mbalame zoikira mazira pansi, sungazione uli pa chiwongolero.

Ndiye pali madambo. Pamwamba amaoneka ouma, udzu wobiriwira bwinobwino, koma pansi ndi matope akuda okhaokha. Ndinaonapo galimoto italowa mpaka zitseko, matayala onse anayi akungozungulira. Eni ake anagona momwemo usiku wonse ndi kuzizira kuja, foni yosagwira. Ndipo mu July udzu wa m'mapiri wauma. Ekizozi yotentha ikakhudza udzu wouma, moto umabuka pansi pa galimoto iwe uli m'kati, ndipo ndi mphepo ya kumeneko palibe angauzimitse.

Chisomo: Ndamva bambo. Za moto sindinaziganizire n'komwe.

A Gondwe: Usadandaule, misewu ya m'pakimo ikukwanira. Wopita ku Chosi, malo oonerapo patali, wopita ku nyanja ya Kaulime, wolowera ku phiri la Nganda. Pali zitunda zoti ulowetse giya yamphamvu yoyenda pang'onopang'ono ya low range, pali miyala yoti usankhe poponda tayala lililonse. Udzatuluka thukuta ndithu. Ndidzakhala pambali pako.

A Yosefe: Mphwanga, alamu akunena zoona. Ndiwonjezere za kayendedwe. Magalimoto awiriwa sasiyana. Alamu patsogolo poti njira akuidziwa, ine pambuyo. Chifukwa cha fumbi tidzatalikirana pang'ono, koma pa mphambano iliyonse wotsogola aime mpaka aone mnzake. Mnzako akasowa pa galasi, ima, dikira, ndipo akapanda kuoneka bwerera. Netiweki m'njiramo imaduka, tisadalire kuimbirana.

A Grace: Ndipo tinyamuke kuno 6 koloko. Geti amatseka kukamada, ndiponso sindikufuna tizikamanga matenti ndi tochi.

A Gondwe: Pobwerera potsika ku Thazima, giya yaing'ono, injini izigwira galimoto. Ukamangoponda mabuleki njira yonse amatentha n'kusiya kugwira.

Mphatso: Adadi, matayala a Land Cruiser aja munasintha? Ulendo watha ndinaona akumbuyo atatha mano.

A Yosefe: Awiri ndasintha mwezi watha. Sipeya ndili nayo imodzi, ndikufuna yachiwiri yobwereka. Alamu, inu muli ndi chiyani?

A Gondwe: Sipeya ziwiri, jeke, thabwa loikapo jeke, fosholo, chikwanje, chingwe chokokera ndi pampu yolumikiza ku batire. Pampuyo ndi yofunika chifukwa tikayamba fumbi tidzaphwetsako mpweya pang'ono m'matayala kuti mabampu asatigwedeze kwambiri, ndiye pobwerera pa phula tiyenera kupopanso. Inu mubweretse zingwe zojampira batire. Dizilo imavuta kulira m'mawa kukazizira chonchija.

A Yosefe: Zingwe ndili nazo. Nanga mafuta?

A Gondwe: Tidzadzaze matanki ku Mzuzu, tikawonjezere pa Rumphi ngati alipo. Kupitirira apo musayembekezere pampu. Galimoto iliyonse itenge zigubu ziwiri za malita 20. Ndiyamba kusaka sabata ino, paja mafuta amatha kusowa mwadzidzidzi. Zigubuzo zidzakhala kumbuyo kwa Hilux, osati m'galimoto muli apongozi ndi mwana.

Lachitatu madzulo

A Esinati: Amuna mwalankhula za zitsulo tsiku lonse, tsopano za m'mimba. Ine ndibweretsa ufa, mpunga, mafuta ophikira, anyezi, tomato ndi nkhuku zinayi zokazinga kale. Grace, iwe nyemba ndi ndiwo zamasamba.

A Grace: Nyemba ndiphikiratu kuno, achemwali. Pamwamba paja madzi amawira asanatenthe mokwanira, nyemba zouma zingatithere nkhuni zisanapse. Ndidzangotenthetsa. Nditenganso mbatata ya kachewere ndi ufa wa phala, m'mawa muja tiyi yekha sakwanira. Mapoto akulu awiri ndi mthiko ndili nazo.

Thoko: Ine nditenga mbaula ndi makala, koma chonde mvetserani. Mbaula isalowe mu tenti, ngakhale kuzizire bwanji. Makala akamayaka m'malo otsekeka amatulutsa mpweya wopanda fungo, wopanda utsi wooneka. Munthu amangomva mutu kulemera, tulo n'kumutenga, osadzukanso. Kuchipatala timalandira anthu otere nyengo yozizira iliyonse, ena banja lathunthu. Ngakhale makala ooneka ngati azima, ayi. Tiothere moto panja, pogona tivale majuzi awiri, chipewa ndi masokosi. Pansi pa matiresi tiyale mphasa kapena makatoni, chifukwa kuzizira kwambiri kumachokera pansi.

A Esinati: Wanena bwino mwanawe. Chisomo wamva?

Chisomo: Ndamva amayi.

Thoko: Bokosi la mankhwala ndi langa: mabandeji, Panado, ORS, mankhwala a m'mimba. A agogo a BP ndidzawerengera ndekha, ndi ena apadera. Chipatala chapafupi chenicheni ndi cha boma ku Rumphi, ndipo mwamva kale maola ake. Dzuwanso kumeneko limawotcha khungu ngakhale kukuzizira, mwana adzavale chipewa.

Mphatso: Msuweni, nanga zilombo usiku? Ndikumva kuti kuli akambuku ambiri.

A Gondwe: Akambuku aliko, koma amathawa anthu, kumuona ndi mwayi. Amene amabwera pa msasa ndi afisi. Chakudya chonse, mapoto, ngakhale nsapato, zigone m'galimoto. Fisi amatenga poto wonunkhira nyama n'kupita naye. Wotuluka usiku atenge tochi ndipo adzutse mnzake. Zinyalala zathu tidzabwerera nazo m'matumba, osakwirira, amafukula.

A Grace: Masana n'kosangalatsa, musaope. Mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zimadya poyera, nthawi zina pafupi ndi msasa penipeni. Amayi adzaziona ali pampando.

A Esinati: Ndawawerengera uthengawu, akuseka. Akuti muwasungire bulangete lofiira lija, Grace.

A Grace: Lilipo, ndalichapa kale.

Chisomo: Amalume, pobwerera sitingadzere ku Vwaza tikaone njovu pa nyanja ya Kazuni? Si patali ndi njira yathu.

A Yosefe: Pa mapu si patali, koma tsiku lobwerera ndi lalitali kale, ndipo mayi adzakhala atatopa. Vwaza ikhale ya ulendo wina. Tsiku lapakati lija ndi limene tidzazungulire m'paki, m'mawa ku Chosi ndi ku Kaulime, masana amene ali ndi mphamvu apite ku Nganda ndi alamu.

A Gondwe: Ku Nganda tidzaona mmene kwachera. Nkhungu ikatsika sitipita, msewu suoneka ngakhale pa mamita 10.

Lachinayi

A Gondwe: Ndaimba. Kanyumba kamodzi kalipo, malo a matenti aliponso, nkhuni akuti tikazipeza konko. Akufuna tilipireko theka pofika Lolemba kuti atisungire. Mitengo yonse ndatumiza kwa alamu a Yosefe.

A Yosefe: Ndalandira. Usiku uno ndiphatikiza mafuta, geti, malo ogona ndi chakudya, ndigawe pa akuluakulu amene tikugwira ntchito. Mayi salipira. Ndalama muzitumiza kwa Thoko pa Airtel Money kapena Mpamba, iye azilemba pagulu pano amene wapereka.

Mphatso: Gawo la agogo ndi la kanyumba ndilipira ine, adadi. Nditumiza mawa.

Thoko: Chabwino msuweni. Mipando ili motere: kwa amalume kukwera agogo, amayi, alamu anga ndi mwana, ndi ine. Ku Hilux bambo aang'ono, mayi aang'ono, achimwene a Chisomo ndi anyamata awiri a ku Mzuzu. Katundu wolemera yense ku Hilux.

A Grace: Anyamatawo ndi amene adzamange matenti. Akafika matenti amene Mphatso atumizewo, achemwali, muuze Chisomo awamange kaye pabwalo, tione ngati zikhomo ndi zingwe zonse zilimo.

Chisomo: Ndidzawamanga Loweruka likubwerali, zithunzi nditumiza pano. Amalume, sipeya yachiwiri ija ndapeza kwa mnzanga wa kuntchito, nditumizireni nambala ya tayala ndione ngati ikugwirizana.

A Yosefe: Ndikajambula ndikafika kunyumba.