Masaundi a vayolini ndi malipenga a pa kompyuta, ndiwapeza kuti osasauka nawo?

MabitiAKuSanthe:
Akuluakulu muli bho? Ndili pano pa Kasungu Boma, ndimapanga mabiti pa FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo, ndi ka laputopu ka kaunjika ka RAM 4GB, za afro ndi za gospel zomwe anyamata amabwera nazo ndilibe nazo vuto. Koma mwezi watha amayi a Chigwirizano akumpingo kwathu ku Santhe andipeza kuti ndiwajambule nyimbo zinayi, ndiye amayi otsogolera kwaya akufuna yoyambayo iyambe ngati za m'mafilimu zija, mavayolini azibwera pansipansi kenako malipenga, eti "zimveke ngati kumwamba kukutseguka" kkkk. Ndayesa masitiringi omwe ndinali nawo kale koma akumveka ngati kafoni ka mabatani kakuyitana. Pa intaneti zabwinozo ndikuona madola mazanamazana, chigwereni kwacha mu November 2023 munthu ukangoona chizindikiro cha dola umangotseka tsamba, komanso khadi yogulira zakunja ndilibe. Pali mkulu wina pamsika akuti ali ndi flashi yodzadza malaibulale a Kontakt (masaundi a zida zenizeni olizira mu pulogalamu ya Kontakt), ndingomupatsa kangachepe. Ndigule? Kapena pali njira ina? Amayiwo akufuna CD yawo chaka chisanathe ndipo ndinadya kale theka la ndalama.

Madala_Kiyibodi:
Mphwanga flashiyo isiye kaye. Pita pa tsamba la Spitfire Audio, tsegula akaunti ndi imelo yako, tsitsa pulogalamu yawo yoikira zinthu, mmenemo usake BBC Symphony Orchestra Discover. Ndi yaulere. Ndi okesitira ya BBC yeniyeni anaijambulira ku Maida Vale Studios ku London, muli zida zoposa 30, mavayolini, viola, cello, bass, ma horn, malipenga, ma trombone, zitoliro, timpani, zonse. Chomwe ndimaikondera ine ndi kuchepa kwake, sifika ndi theka la GB lomwe, bandulo ya usiku imodzi yakwana. Inatuluka 2020, poyamba ankagulitsa kapena umayankha mafunso awo nkudikira masabata awiri, pano amangopereka.

Onetsetsa kuti Windows yako ndi ya 64-bit apo ayi siyitseguka. Ine ndinaiyendetsa pa 4GB kwa nthawi ndithu ndisanawonjezere RAM, bola usatsegule zida khumi nthawi imodzi uku Chrome ili yotsegula. Ukamaliza mbali ya mavayolini isandutse WAV (fayilo ya mawu), uchotse pulagini ya BBC yo, upite kwa malipenga. Ikayamba kuthetheka pita ku audio settings ukweze buffer.

Kuipa kwake ndikuuziretu, ilibe legato, ndiye vayolini ikamachoka pa noti imodzi kupita pa ina sipamveka kutsetsereka kuja kwa chala, imangodumpha. Pa masitiringi aataliatali akumbuyo kwa kwaya palibe angazindikire. Pa solo ndiye imaululika.

MkandaBoy:
Madala anena zoona koma ine ndilankhule za flashiyo chifukwa inandiluma. Ndinagula yangati imeneyo kwa munthu wina kuno ku Mchinji, GB pafupifupi 60, ndinachita kufufuta mafilimu anga onse kuti ikwane. Kufika kunyumba theka la malaibulale amalira mphindi 15 zokha kenako zii, kwalembedwa DEMO. Nkhani yake ndi iyi, Kontakt ilipo iwiri, Kontakt Player yaulere ndi Kontakt yonse yogula, ndipo malaibulale ambiri amafuna yogulayo. Wogulitsayo zimenezi sanena. Kontakt ya kiraki yomwe anandiikira pambuyo pake inabwera ndi ma virus, ndinataya mapulojekiti a miyezi itatu, wina anali wa ukwati wa msuweni wanga mpaka lero alamu anga amandiyang'ana ndi diso lina. Komanso laibulale ya masitiringi yaikulu imodzi yokha imadya RAM kuposa yomwe uli nayo, ndiye ngakhale itagwira uzingoyang'ana kompyuta itauma.

Ngati ukufunabe za Kontakt tenga The Free Orchestra ya ProjectSAM, imeneyo imagwira pa Player yaulere osavuta, ndipo masaundi ake ndi a m'mafilimu enieni, ophulika aja. Koma ine panopa ndimakhalira SFZ, mtundu wina wa malaibulale osafuna Kontakt. Umatsitsa sforzando ya Plogue, pulogalamu yolizira SFZ yaulere komanso yopepuka, kenako VSCO 2 Community Edition ya Versilian Studios kapena Virtual Playing Orchestra. VSCO yo ili mu ma GB angapo ndiye osatsitsa masana ndi bandulo ya tsiku, udzalira. Ubwino wake anaiika pa CC0, kutanthauza kuti kuikopera mnzako pa flashi si kuba. Ukadzafika ku Mchinji ndiuze ubwere ndi flashi yako, kapena ndipatsire kondakitala wa minibasi ya pa msewu wa Kamwendo akufikitsire.

Layers ya Orchestral Tools nayonso ndi yaulere, imamveka bwino zedi, koma ndi GB zoposa 10. Ndinayesa usiku utatu, magetsi anazima kawiri, ndinangoisiya.

Nachisale_KU:
Achimwene ine si wa mabiti, ndimaphunzitsa kwaya komanso ndimalemba nyimbo pa MuseScore, pulogalamu yolembera manoti, koma ndikuganiza kuti vuto lanu mwina si masaundi okha. Mwati akumveka ngati kafoni. Mukuwaliza bwanji? Chifukwa anyamata ambiri ndawaona amatsegula strings imodzi nkugwira kodi ya zala zitatu ngati akuliza piyano, kuigwira mpaka bala lithe, kusintha, kuigwiranso. Olo mutagula za madola 500 zidzamveka chimodzimodzi.

Inu muli ndi mwayi woti munakulira mu CCAP, mawu anayi mumawadziwa. Masitiringi ndi kwaya basi. Vayolini yoyamba ndi soprano, yachiwiri ndi alto, viola ndi tenor, cello ndi bass, ndipo bass yaikulu ija imangotsatira cello octave imodzi pansi. Chida chilichonse chipatseni tiraki yakeyake ndi mzere wake wa noti imodziimodzi, ziziyenda ngati anthu akuyimba, wina akakwera wina atsale pomwepo. Vayolini sipita pansi kuposa G wapansi pa middle C, mukafuna zapansi perekani kwa viola kapena cello. Oliza malipenga ndi zitoliro ndi anthu opuma, ndiye musawapatse noti ya mabala asanu ndi atatu, asiyireni popumira ngati mmene amayi anuwo amapumira pakati pa mizere.

China, mawu asakhale pamlingo umodzi. Mod wheel ija, kagudumu ka pa kiyibodi kokweza ndi kutsitsa mphamvu ya mawu (pa kompyuta imatchedwa CC1), ngati mulibe kiyibodi jambulani ndi mbewa, noti iyambe chapansi ikwere kenako itsike. Kumwamba kwa amayiwo kutsegukira pamenepo, osati pa mtengo wa laibulale. Masitiringi aatali amachedwa kumveka ndiye akokereni kumbuyo pang'ono asatsalire kwa kwaya. Reverb musathire yambiri pa BBC yo, chipinda cha ku London chili kale mmenemo.

MuseScore 4 inatuluka December 2022 ndi Muse Sounds aulere, kwa ine ndi omveka bwino kuposa onse atchulidwa apawa makamaka solo ya vayolini, koma amalira mu MuseScore momwemo, muyenera kulemba manoti nkutulutsa WAV, ndipo pa 4GB adzakuvutani. Mukakakamira pa solo nditumizireni d r m f yake ndikupangireni kuno.

Chamama_Selekta:
Kkkk inu mukuvutikiranji, kutchalitchi kulibe Yamaha PSR? Bwerekani Lolemba, waya mmodzi ku laputopu, strings ndi brass zili mmenemo kale. Ma CD a makwaya ambirimbiri omwe timavina anatuluka choncho ndipo palibe anabweza.

Madala_Kiyibodi:
Selekta sukunama, koma saundi ya PSR ija ngakhale agogo ku Chamama amaidziwa, amayiwo akangomva anena kuti iyi ndi ya pa Sabata ija tinalipirira chani. Kiyibodiyo abwereke ndithu koma ailumikize ndi USB ikhale yolizira BBC yo, kuliza ndi zala kumaposa kudinadina ndi mbewa.

MabitiAKuSanthe:
Zikomo nonse. Discover ndatsitsa usiku wa Lachitatu cha m'ma 1 koloko, yalowa bwinobwino, Windows inali ya 64 mwamwayi. Achemwali a Nachisale munandigwira pakhosi, ndimagwiradi kodi imodzi kkkk. Ndagawa pa matiraki anayi motsatira mmene amayiwo amayimbira, alto ndinachita kuwaimbira foni amayi ena andiyimbire mzere wawo chifukwa ndinali nditauyiwala. Mabala 8 okha anditengera masiku awiri, laputopu inauma kamodzi nditawonjezera ma horn ndi timpani koma nditasandutsa masitiringi kukhala WAV yayenda. Dzulo ndinakawamvetsera pa sipika ya Bluetooth pansi pa mtengo wa mango paja amaphunzirira, amayi otsogolera anangoti bwerezanso, kenako akuti malipenga achepa ndipo nyimbo zinayi zonse ziyambe choncho, za kuwonjezera ndalama sanatchule. MkandaBoy flashi ndatumiza ndi minibasi ya m'mawa, ndi yofiira, muli nyimbo za ukwati osafufuta.