Kodi Denzel Washington angayenere kusewera gawo la Magneto?

Abale ndi alongo okonda mafilimu, ndikupempha nzeru zanu pa nkhani imene takhala tikutsutsana ndi achimwene anga kwa sabata yathunthu, mpaka nsima kuzizirira m'mbale. Iwo akuti kampani ya Marvel ikadzayambiranso mafilimu a X-Men, onena za anthu obadwa ndi mphamvu zodabwitsa, gawo la Magneto, mdani wa a X-Men amene ali ndi mphamvu yolamulira zitsulo, lidzaperekedwe kwa katswiri wachikuda wa ku America, a Denzel Washington, omwe anabadwa mu 1954 ndipo analandira mphoto ya Oscar kawiri.

Ine bambowa ndimawalemekeza kwambiri. Aliyense amene anaonera mmene anasewerera Malcolm X, womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, mufilimu ya mu 1992, akudziwa kuti mkwiyo wa munthu amene mtundu wake waponderezedwa amauonetsa ndi maso okha, mawu ali pansipansi, ndipo Magneto amafunika munthu wotero. Chimene chikundivuta ndi mbiri ya Magnetoyo. Mufilimu ya mu 2000, momwe gawoli anasewera ndi a Ian McKellen, timamuona ali mnyamata wachiyuda ku Poland mu 1944, asilikali a Nazi akumulekanitsa ndi makolo ake, iye n'kupinda geti lachitsulo ndi mphamvu zake akulira. Chilonda chimenechi ndicho chimamuchititsa kuti asakhulupirire munthu aliyense. Achimwene akuti mwana wa nthawi imeneyo lero akanakhala ndi zaka zoposa 90, choncho mbiriyo iyenera kusinthidwa basi.

Ndithandizeni: kodi kusintha mbiriyi kuti a Denzel alowemo sikungakhale kufafaniza chikumbutso cha Ayuda amene anaphedwa? Nanga ngati mbiriyo itasiyidwa mmene ilili, ndi katswiri uti wachikulire amene angasenze gawoli, ndipo mwamusankha chifukwa chiyani?