Ngongole ya ku banki yadutsa miyezi 8, kodi nyumba ipita liti?

Wa ku Mpondasi:
Moni abale. Ndikufunsira m'bale wanga wa bizinesi ya usipa. Anatenga ngongole ya K9 miliyoni ku banki yogulira injini ya boti, chikole n'kuika nyumba yake ya pa boma pano, ndipo mlamu wake anasaina kumuikira kumbuyo. Papita miyezi 8 osalipira. Tsopano kwabwera kalata ya maloya a banki yoti alipire zonse pasanathe masiku 14, apo ayi akakumana kukhothi. Kodi chotsatira n'chiyani? Angamumange? Nyumba angaigulitse asanapite kukhothi?

Che Mdala wa ku Namwera:
Achimwene, choyamba mtima ukhale pansi pa nkhani ya kumangidwa. Ndime 19 ya Malamulo aakulu a dziko lino imati munthu asatsekeredwe m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa mgwirizano. Ngongole si mlandu wa polisi, pokhapokha ngati panali chinyengo, monga mapepala abodza a nyumba.

Kalata imene yabwerayo si samani, ndi chenjezo chabe. Ngongole ikadutsa masiku 90 osalipidwa, banki imaiwerenga kuti ndi yosayenda bwino malinga ndi malangizo a Reserve Bank, ndiye imachoka m'manja mwa a pa nthambi n'kupita kwa otolera ngongole, kenako kwa maloya. Masiku 14 akatha, maloya amakasuma. Ndalama yochuluka chonchi kawirikawiri imapita ku High Court, mbali yoona za malonda imene ili ku Blantyre, osati kwa majisitireti wa pa boma.

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Samani ikafika m'manja, malamulo a High Court a 2017 amapereka masiku 14 oti uyankhe kuti ukutsutsa, ndi masiku 28 oti upereke mfundo zako zodzitetezera, kuwerengera tsiku limene walandira. Ukaibisa pansi pa matiresi, banki imakatenga chigamulo iwe kulibe, popanda ngakhale tsiku limodzi lomvera mlandu. Kukana kusaina kapena kuthawira ku Makanjira sikuthandiza, khothi limaloleza njira zina zoperekera samani, ngakhale kulengeza m'nyuzipepala.

Chigamulo chikatuluka, banki imasankha chida. Ikhoza kutuma asherifu kudzalemba ndi kunyamula katundu: galimoto, injini, mafiriji. Ikhoza kupempha khothi kuti ligwire ndalama zili ku akaunti ya kubanki ina. Ndipo ndalama za asherifu ndi za maloya zimakwera pamwamba pa ngongole yomweyo, chiwongoladzanja chikuyendabe.

Mayi a ku Monkey Bay:
Che Mdala afotokoza bwino za kukhothi, koma asiya chimene chili choopsa kwambiri pano. Nyumba ya chikole banki ikhoza kuigulitsa popanda kusuma konse. Mphamvu imeneyo munthu amaipereka yekha tsiku losaina pepala la chikole.

Ngati malowo analembetsedwa pansi pa lamulo la kalembera wa malo la Registered Land Act, njira yake ndi iyi: kulephera kulipira kupitirire mwezi umodzi, banki ipereke chidziwitso cholemba, ndipo pakatha miyezi 3 chilandirireni chidziwitsocho osalipira, ndiye kuti ikhoza kugulitsa kapena kuika munthu wotolera lendi ya nyumbayo. Malo ena a lizi ali ndi mapepala a mtundu wakale amene amayendera lamulo lina, choncho muone kaye pepala la umwini ndi mgwirizano wa chikole, mawu ake enieni. Funsani m'bale wanuyo ngati analandirapo kale kalata yotchula miyezi 3. Ambiri amakhala atailandira kalekale n'kuiyesa yongokumbutsa.

Pogulitsa, lamulo limafuna kuti banki ichite mokhulupirika, moganiziranso mwini nyumba. Ndiye pamafunika wodziwa kuyesa mitengo ya nyumba, ndi kulengeza malondawo poyera. Ndalama zikapezeka amachotsa zolipira pogulitsa, chiwongoladzanja ndi ngongole, chotsala n'cha mwini wake. Zikapereweranso, banki imamutsatabe pa chotsalacho. Nyumba ya pa okushoni sikawirikawiri kupeza mtengo wabwino, makamaka kuno kumene ogula a ndalama m'manja ndi ochepa. N'chifukwa chake nthawi zambiri kuli bwino kupempha banki kuti ilole mwiniwake kupeza yekha wogula, ndalamazo n'kulowa kubanki mwachindunji.

Za chiletso cha khothi choimitsa malondawo musadalire kwambiri. Khothi silimaletsa malonda chifukwa choti munthu akumvetsa chisoni kapena usipa sunaphedwe chaka chino. Limamva pamene chidziwitso sichinaperekedwe moyenera.

Wa ku Mpondasi:
Zikomo. Nanga mlamu uja? Iye akuti anangokhala mboni, ndalama sanadyeko.

Bambo a ku Malindi:
Akawerengenso chimene anasaina, achimwene. Mboni imangotsimikiza kuti yaona munthu akusaina. Woikira kumbuyo amalonjeza kulipira yekha wobwereka akalephera, ndipo mapepala ambiri a mabanki amalembedwa moti angathe kumusumira limodzi, osadikira kuti nyumba igulitsidwe kaye. Akalipira, ali ndi ufulu wokafuna ndalama zake kwa wobwerekayo, koma chibale chimakhala chitasokonekera kale.

Chofunika sabata ino ndi kuti m'bale wanuyo alembe kalata kwa maloya a banki aja, osati kungoimba foni kwa mkulu wa nthambi. Zimene mwangolankhulana pakamwa n'zovuta kuzitsimikizira kukhothi. M'kalatamo apemphe sitetimenti yonse kuyambira tsiku lotenga ngongole, kuti aone ndalama yeniyeni, chiwongoladzanja, ndi zilango za kuchedwa payekhapayekha. Zolakwika zimapezeka, makamaka pamene chiwongoladzanja chinkasintha potsata msika. Kenako apereke ndondomeko yotheka: ndalama yakuti lero, yakuti mwezi uliwonse, poganizira kuti miyezi ya mwera boti limagona padoko. Kulonjeza K1 miliyoni pamwezi n'kulephera mwezi wachiwiri kumatseka khomo lokambirananso. Asunge kope lodindidwa kuti yalandiridwa.

Mlandu ukafika kukhothi, mpata ukadalipo. Milandu yambiri yotsutsidwa imadutsa kaye pa zokambirana pamaso pa mkhalapakati, ndipo ngakhale chigamulo chitaperekedwa, munthu akhoza kupempha khothi kuti azilipira pang'onopang'ono, atalumbira ndi kuonetsa zimene amapeza ndi katundu amene ali naye. Pali lamulonso la Loans Recovery Act limene limalola khothi kuunikanso ngongole ya chiwongoladzanja chonyanyira, ngakhale kupambana nalo polimbana ndi banki si kophweka.

Chinthu chimodzi asayerekeze: kugulitsa injini mobisa. Ngati inalembetsedwa ngati chikole pansi pa lamulo la chikole cha katundu la Personal Property Security Act la 2013, banki ikhoza kuilondola kumene yapita, ndipo pamenepo nkhani ikhoza kusanduka ya polisi. Dzina lake n'kutheka kuti lafika kale kwa osunga mbiri ya angongole, choncho maganizo okabwereka kubanki ina kuti atseke iyi mwina sangatheke. Ngati ndalama ya loya palibe, apite ku Legal Aid Bureau ndi mapepala onse, kalata ya masiku 14 ija ili pamwamba.