DMSO ikukana kuchoka, ndithandizeni nzeru

Akuluakulu a mu labu, ndagwira njakata. Mankhwala amene ndikupanga anakana kusungunuka mu ethanol, mu acetone, ngakhale mu dichloromethane. Analola mu DMSO mokha (dimethyl sulfoxide, chosungunulira mankhwala china), ndipo ntchito inayenda bwino ndithu.

Vuto ndi kuichotsa. DMSO imawira pa madigiri 189 Celsius, ndiye pa rotavapu yathu (makina oumitsira zosungunulira) sikusuntha n'komwe, ndipo ndikuopa kuti ndikawonjezera moto mankhwala anga awonongeka. Ndatsuka kanayi ndi madzi ndi ethyl acetate, koma mankhwala anga ambiri akutsalira m'madzimo, pomwe pa NMR (makina oonera zimene zili m'mankhwala) chizindikiro cha DMSO chikuonekabe cha pa 2.6 ppm. Freeze dryer, makina oumitsa zinthu mozizira, tilibe.

Kodi madzi amchere angathandize? Kapena ndingoyambiranso ndi chosungunulira china, DMF (dimethylformamide), yowira pa madigiri 153, ngakhale imawononga chiwindi? Amene munakumanapo nazo, munatani?