Mnyamata wa Fomu 3 wabwera ndi kalata ya ahedi

Wofunsa: Anzanga, ndigawireni nzeru. Kuchipatala kwathu kwabwera mnyamata wa zaka 16 ndi amalume ake, akuchokera pasukulu ina yogonera konko kuno ku Lilongwe. Kalata ya ahedi ikuti ndi wamwano, mutu wake sukuyenda bwino, ndipo asabwerere popanda chikalata cha kuchipatala. Mlandu wake: anatsogolera anzake kukana nyemba zofumbwa, atamuitanira ku ofesi anakana kugwada. Ndacheza naye payekha. Akudya, sakumva mawu achilendo, chamba akuti sasuta, nkhani akuilongosola bwinobwino. Ndilembe ODD, vuto la khalidwe losamvera ndi lotsutsa akuluakulu?

Anamwino: Ayi achimwene, musathamange. Buku lotsogolera pa matenda a maganizo la DSM-5 limafuna zizindikiro zosachepera zinayi zomwe zakhalapo kwa miyezi 6. Apa muli ndi tsiku limodzi komanso nyemba. Afunseni amalumewo kuti kunyumba mwanayu amakhala bwanji, nanga ku pulayimale ankadziwika ndi chiyani.

Mnzawo wina: Ndikuvomereza, koma musamutulutse msanga. Pamsinkhu umenewu matenda a mania, ochititsa munthu kutakasuka mopitirira muyeso, amatha kuyamba ngati mwano. Akugona maola angati? Akulankhula mosalekeza? Akudziona ngati wotumidwa kudzapulumutsa sukulu yonse? Mufunseninso mosabisa ngati waganizako zodzipha, poti kubwezedwa kunyumba fizi atalipira kale amalume kumapweteka.

Adokotala: Mafunso amenewo afunsidwe ndithu. Koma ine chikundiwawa n'chakuti kalatayo yabwera ndi yankho kale, akungofuna chidindo chathu. Ntchito yathuyi inagwiritsidwapo ntchito motere. Mu 1851 dokotala wa ku America, Samuel Cartwright, ananena kuti akapolo othawa ambuye awo akudwala matenda amene anawatcha drapetomania. Ku Soviet Union otsutsa boma ankawatsekera m'zipatala za amisala ati ali ndi matenda a maganizo otchedwa schizophrenia. Ifenso mawu amene tingalembe m'buku la kuchipatala la mwanayu adzamutsata mpaka kale, aliyense wolitsegula adzayamba wawerenga zimenezo. Lembani zomwe mwaona ndi maso anu, basi.

Wofunsa: Ndafunsa zonse. Akugona usiku wonse, zodzipha alibe. Amalume akuti kunyumba ndi amene amatsatira ana ang'ono kusukulu, sanayambepo wayankha akulu mwamwano. Ndalemba kuti lero sindinapeze chizindikiro cha matenda a maganizo, abwerenso pakatha masabata awiri. Koma amalume akuopa kuti ahedi akakana.

Anamwino: Akakana, imeneyo ndi nkhani ya komiti ya makolo ndi ofesi ya maphunziro, si yathu. Auzeni amalumewo asunge kope la kalata zonse ziwiri. Tulo tikasokonekera masabata awiriwo asanathe, mumutumize ku chipatala cha Bwaila tsiku lomwelo.